Wosamwa mowa naye ndi mlendo: kasakanizidwe ka zakumwa zapamwamba pakhomo

Pa chinkhoswe cha mphwanga ku Matawale, amalume athu anakhala pampando wa ankhoswe atatchena suti yawo ya pa Sande. Iwo anasiya mowa kalekale, achipatala atawachenjeza za kuthamanga kwa magazi. Anzawo onse m'mbali anali ndi magalasi aatali, ayisi akulira ngwe ngwe ngwe. Iwo anangowaikira botolo la zoziziritsa kukhosi ndi kapaipi komwera, ngati mwana wa kusukulu ya mkaka. Anapsontha kawiri n'kulikankhira kunsi kwa mpando. Pobwerera anandikoka dzanja n'kundiuza kuti, "Iwe, ine ndinangosiya mowa. Ukulu sindinausiye."

Mawu amenewo ndi amene anandilowetsa m'khitchini. Kumahotela zakumwa zoterezi amazitcha ma mocktail, ndipo mtengo wa galasi limodzi mukaumva mumagwira pakamwa. Chonsecho zofunika zake zili mumsika waukulu wa Zomba ndi m'mabeseni a anyamata ogulitsa zipatso pamsewu wokwera ku Ku Chawe.

Mvetsani kaye chimene chimasowa mowa ukachoka m'galasi. Mowa umatentha pakhosi, umawawa pang'ono, ndiye munthu amamwa mopsontha, akucheza. Mukangouchotsa n'kusiya juwisi ndi shuga, chakumwacho chimatha pa kamphindi n'kumusiya munthu ndi ludzu lake. Ntchito yanu yonse ndi kubwezera kuluma kumeneko. Mwayi wake, zakwathu kuno n'zoluma kale: bwemba, malambe, chidede, jinja, tiyi, kambuzi.

Zida

Musavutike kukafuna zida za m'bala. Botolo lagalasi la jamu kapena la chiponde, lokhala ndi chivindikiro chogwira bwino, ndi chokhutchumulira chokwanira. Onjezani sefa ya tiyi, kansalu koyera kosefera, ndi mthiko watsopano wotswanyira zipatso. Ndati watsopano dala. Mthiko umene walowapo m'poto wa matemba suiwala. Chimodzimodzinso mpeni ndi thabwa lodulirapo: ngati m'mawa mwadulirapo anyezi, ndimu yanu idzanunkha anyezi ngakhale mutsuke ndi sopo.

Poyeza gwiritsani ntchito sipuni yaikulu yodyera, imene imanyamula pafupifupi 15 ml. Yaing'ono ya tiyi ndi 5 ml. Ndikamati sipuni m'munsimu ndikunena yaikuluyo. Kuyeza musakupeputse. Dzanja la ndiwo limadziwa lokha mchere, koma pa zakumwa theka la sipuni limasintha galasi lonse.

Yambani ndi ayisi, dzulo lake

Anthu ambiri amagwera apa. Wiritsani madzi, asiyeni azizire, kenako thirani m'timakapu ta yogati totsuka bwino m'malo mwa timatireyi tating'ono tija. Chibulumwa chachikulu chimasungunuka pang'onopang'ono, ndiye chakumwa sichisanduka madzi mlendo asanafike pakati pa nkhani yake. Komanso magetsi akazima masana, zibulumwa zikuluzikulu zimakudikirani, tating'onoto timakhala titathawa kale. Vindikirani timakapu tanuto ndi pulasitiki. Ayisi amayamwa fungo, ndipo ngati m'furiji muli nsomba za ku Chilwa, mlendo wanu azimva.

Manyuchi

Shuga sasungunuka bwino m'madzi ozizira, amangokhala pansi pa galasi ngati mchenga wa mu Likangala. Choncho timayamba tamusandutsa manyuchi. Kapu imodzi ya shuga, kapu imodzi ya madzi, pamoto wochepa, mukutakasa mpaka timibulu tonse titasowa. Phulani pomwepo, musadikire kuti zibwate nthawi yaitali. Akazizira thirani m'botolo lotsukidwa ndi madzi otentha n'kuika m'furiji, amakhala masabata awiri kapena atatu. Shuga wabulawuni amagwirizana ndi bwemba ndi jinja. Woyera musungireni masitiroberi ndi chidede kuti mtundu wake usade.

Manyuchi amene sindifuna kuti athe m'nyumba mwanga ndi a jinja. Tengani jinja wamuwisi wodzaza chikhatho, mutsukeni bwino, osavutika kusenda, musinjeni mu kamtondo mpaka atalekana ulusi. Muponyeni m'madzi ndi shuga muja, ziwire pang'onopang'ono mphindi 10, vindikirani, phulani, muzisiye ola lathunthu. Sefani ndi kansalu, ndipo finyani ndithu, chifukwa ukali wonse uli m'madontho omalizawo. Mukalawa azikutsokomoletsani pang'ono. Ngati sakutero, jinja wachepa. Awa musawasunge kupitirira sabata ndi theka.

Pali njira ina imene imadabwitsa aliyense amene ndamuonetsa. Sendani mandimu anayi mopyapyala, kungochotsa chikopa chakunja chokha. Mandimu athu amakoko okhuthala aja ali ndi choyera chambiri mkati, ndipo choyeracho chimawawa moipa, chisiyeni pa chipatso. Ikani makokowo m'botolo ndi theka la kapu ya shuga, tswanyani ndi mthiko, tsekani, kagoneni. M'mawa mudzapeza shuga atanyowa yekha, atakoka mafuta onse onunkhira a m'makokomo. Thiranimo theka la kapu ya madzi ofunda, khutchumulani, sefani. Fungo lake palibe skwashi wa m'sitolo angalifike.

Zowawasa

Mandimu afinyeni tsiku lomwelo. Madzi a mandimu ogona amasintha kukoma, amayamba kuwawa. Musanadule, likunkhunizeni pa tebulo mukulipsinja ndi chikhatho kuti litulutse madzi ambiri.

Bwemba: chotsani makoko, viikani kapu imodzi m'makapu awiri a madzi ofunda kwa theka la ola, kenako fikisani ndi dzanja loyera mpaka nthanga zitatsala zokha. Sefani kawiri. Malambe nawo ndi chimodzimodzi, monga amachitira amayi opanga mafilizesi, kungoti inu musawachulutsire madzi, akhale okhuthala ngati phala la mwana. Chidede ambiri timachidziwa ngati ndiwo, koma zikhokho zofiira za maluwa ake, zikaumitsidwa, zimatulutsa madzi ofiira ngati vinyo. Dzanja limodzi m'makapu awiri a madzi owira kumene, mphindi 10, sefani.

Zonse zitatuzi musazisiye m'poto wa aluminiyamu. Asidi wake amadya chitsulocho, chakumwa chimamveka chitsulo pa lilime, ndipo chidede chimatha kuzilala mtundu. Viikani m'mbale yagalasi, yadothi la fakitale kapena yapulasitiki.

Zoluma

Apa m'pamene pagona ukulu wa galasi. Choyamba ndi tiyi wakuda wopanda mkaka, yemweyu wa ku Thyolo ndi ku Mulanje. Tiyi amaumitsa m'kamwa pang'ono, monga zimachitikira mukaluma nthochi yosapsetsa, ndipo kuuma kumeneko n'kumene vinyo wofiira amachitanso. Ikani masipuni awiri a masamba mu theka la lita ya madzi ozizira owiritsa kale, agone m'furiji usiku wonse, m'mawa sefani. Wofulula chonchi amatuluka woyera bwino, wosawawa mopweteka. Wowiritsa pamoto akazizira amachita mbuu.

Chachiwiri ndi tonic, chakumwa cha thovu cha m'botolo chowawa pang'ono. Kuwawa kwake kumachokera ku kwinini, koma ndi wochepa kwambiri, musamuyese mankhwala a malungo. Dziwaninso kuti tonic ali ndi shuga wake, ndiye pomwe mwathira iye chepetsani manyuchi.

Chachitatu ndi tsabola. Kambuzi ali ndi fungo lokoma limene tsabola wina alibe. Kachidutswa kochepa ngati chikhadabo, kopanda nthanga, n'kokwana galasi limodzi.

Ndipo chenjerani ndi tibotolo tating'ono ta bitters, timadzi towawa ta zitsamba timene amadontheza m'zakumwa. Mu chakumwa chija amachitcha Malawi shandy amasakaniza ginger ale, lemonade ndi madontho a Angostura bitters, ndipo ambiri amachiona ngati chopanda mowa. Koma m'kabotolo ka Angostura muli mowa wokwana 44.7 peresenti. Madontho atatu saledzeretsa munthu, inde, komabe kwa m'bale wachisilamu, kwa wa mpingo woletsa mowa, kwa mayi woyembekezera kapena kwa munthu amene akulimbana ndi kusiya botolo, si inu woyenera kumusankhira. Ine sindithira n'komwe.

Kusakaniza

Muyeso woyambira ndi uwu: masipuni anayi a chinthu chachikulu, kaya ndi chipatso, kaya tiyi, awiri a chowawasa, imodzi ndi theka ya manyuchi, ndi kamchere kotsina ndi zala ziwiri. Mchere usakudabwitseni. Umagonetsa kuwawa n'kudzutsa kukoma kwa chipatso, paja mango aawisi timadya ndi mchere.

Thirani zonsezi m'botolo lanu, ponyanimo ayisi wophwanya mpaka theka, tsekani, khutchumulani mwamphamvu mukuwerenga mpaka 15. Botolo likachita thukuta kunja n'kuyamba kuluma zala, zatheka. Lawani ndi sipuni musanathire m'galasi. Zikatsekemera kwambiri onjezani ndimu, zikakupindani nkhope onjezani manyuchi pang'ono. Mandimu a mwezi uno si a mwezi wamawa, ndiye lilime lanu ndilo woweruza. Kenako sefelani m'galasi lokhala ndi ayisi watsopano.

Za thovu zimalowa pomaliza, ndipo sizikhutchumulidwa. Ndikunena soda water wa m'botolo, osati soda wa therere. Ndalemba dala zimenezi chifukwa mdzukulu wanga wina nditamutuma ku golosale anabwera ndi kapaketi ka ufa woyera. Pendeketsani galasi, thirani m'mbali mwake pang'onopang'ono, takasani kamodzi kokha kuchokera pansi.

Tsopano zakumwa zake zenizeni.

Cha bwemba ndi jinja. Ichi ndicho ndinawapangira amalume, ndipo chimaposa zonse. Masipuni anayi a madzi a bwemba, awiri a manyuchi a jinja, imodzi ya madzi a mandimu, kamchere, ndi kachidutswa ka kambuzi. Yambani mwatswanya kambuziyo kamodzi kokha pansi pa botolo, osamusinja. Khutchumulani, sefelani pa chibulumwa chachikulu, dzazani ndi soda water wosapitirira theka la kapu. Mukafuna kukometsera, pakani ndimu m'mphepete mwa galasi, theka lokha la mkombero, n'kuviika m'mchere wosakaniza ndi tsabola wosinja pang'ono. Theka lokha, kuti wosafuna mchere atembenuze galasi. Mtundu wake ndi wa bulawuni ngati zakumwa zaukali zija, chimatentha pakhosi, ndipo palibe amachimwa mothamanga.

Cha masitiroberi a kuphiri. Nyengo yake ikafika, anyamata a pamsewu wa kuphiri amakhala atanyamula timbale todzaza, pamodzi ndi mabulosi ndi tizipatso tachikasu tija. Langizo langa: yang'anani a pansi pa mbale, osangokopeka ndi apamwamba, ndipo sankhani ang'onoang'ono onunkhira kusiyana ndi akuluakulu otuwa. Atsukeni bwino ndi madzi aukhondo, chifukwa amakhwimira pafupi ndi dothi. Tswanyani asanu m'botolo ndi sipuni imodzi ndi theka ya manyuchi a makoko a mandimu aja, onjezani masipuni awiri a madzi a mandimu, awiri a tiyi, ndi tsabola wakuda wongosinja kumene, kotsina kamodzi. Khutchumulani, sefani kawiri kuti tinthanga tisalowe m'mano, malizani ndi soda water. Tsabola wakudayo ndi amene amachotsa chakumwachi m'gulu la maswiti.

Cha chidede, cha patebulo la chakudya. Ichi sichikhutchumulidwa. Masipuni asanu ndi imodzi a chidede, atatu a tiyi, imodzi ndi theka ya manyuchi oyera. Takasani ndi ayisi m'jagi, sefelani m'galasi la vinyo lopanda ayisi. Dulani kachikopa ka nachesi kapena lalanje, kapindeni pamwamba pa galasi, mbali yakunja itayang'ana pansi. Mukayang'anitsitsa mudzaona timadontho ta mafuta tikuwaza pamwamba pa chakumwacho. Mphuno ndiyo imayamba kumwa. Chimayenda bwino ndi nyama yowotcha kapena nkhuku yachikuda. Chidede chimatha kutsitsa kuthamanga kwa magazi, choncho amene ali pa mankhwala a BP ndi amayi oyembekezera ayambe afunsa achipatala. N'chifukwa chake amalume sindinawapatse chimenechi.

Cha chinanazi ndi malambe. Madzi a chinanazi ofinya kumene amachita thovu lokha mukawakhutchumula mwamphamvu, popanda dzira kapena china chilichonse. Masipuni anayi a chinanazi, awiri a malambe okhuthala, imodzi ya mandimu, imodzi ya manyuchi a jinja. Khutchumulani mowirikiza nthawi, mpaka mkono udandaule, n'kuthira m'galasi lalifupi. Pamwamba pamakhala thovu lokhuthala ngati chala. Mukakhala ndi magalagadeya, dulani limodzi n'kukhuthulira pamwamba pa thovulo.

Za minti ndi masamba a ndimu ndingonena mwachidule: musazisinje. Ikani pachikhatho, ombani m'manja kamodzi ngati mukulonjera apongozi, n'kuzimika pambali pa ayisi. Zosinja zimawawa ngati udzu.

Zipatso zikachuluka

Mabulosi akapsa amapsa onse pamodzi, ana amada milomo, otsala amangogwa pansi. Mango nawo Disembala amatero. Njira yowasungira ndi viniga. Kapu imodzi ya zipatso zotswanya, kapu imodzi ya shuga, m'botolo lagalasi, m'furiji masiku awiri mukukhutchumula m'mawa ndi madzulo. Sefani, onjezani kapu imodzi ya viniga wa maapozi, tsekani, bwezerani m'furiji. Tsiku loyamba mudzati ndakunamizani, chifukwa viniga amalasa m'mphuno. Dikirani sabata. Ukali umagona, chipatso chimatulukira, ndipo masipuni awiri m'galasi la soda water amakupatsani chakumwa chimene mlendo amafunsa kawiri kuti mwaikamo chiyani. M'furiji zimakhala mwezi ndi kupitirira.

Chimene chinandichitikira mu Okutobala

Ndisakubisireni. Chaka china ndinati ndisataye makoko a chinanazi. Ndinawaika m'botolo lapulasitiki ndi jinja, shuga ndi madzi, ndinatseka mwamphamvu n'kuliika kuseri kwa kabati. Mukudziwa kutentha kwa m'tauni muno mu Okutobala, pamene ngakhale kamphepo kochokera kuphiri kamafika katatopa. Ndinaiwala. Usiku wa tsiku lachinayi tinadzidzimuka ndi chiphokoso, phuu! Mayi a kunyumba anakuwa poganiza kuti akuba athyola chitseko. Tinapeza khoma lonse lili nyowe, nyumba ikununkha ngati pa shabini.

Zimene zinachitika n'zomwe zimachitika ndi thobwa likagonera masiku: yisiti wa pa makoko a chipatso amadya shuga n'kutulutsa mpweya ndi mowa. Mpweyawo ndi umene unaphulitsa botolo, ndipo zikanapanda kuphulika ndikanamwetsa anthu mowa ndikuwauza kuti mulibe. Choncho chilichonse chokhala ndi shuga ndi chipatso chizikhala m'furiji. Mukatsegula botolo la manyuchi n'kumva kuti tsii, kapena mukaona tithovu tikukwera tokha, tayani. Madzi a bwemba, malambe ndi chidede apangeni okwana masiku awiri kapena atatu basi.

Alendo akachuluka

Pa chinkhoswe, pa futari ya Ramadan kapena pa Khirisimasi simungakhutchumule galasi limodzilimodzi, mungaphonye mwambo wonse. Chulukitsani muyeso. Cha bwemba chija, cha anthu 20, chimafuna malita 1.2 a madzi a bwemba, 600 ml ya manyuchi a jinja, 300 ml ya madzi a mandimu, ndi malita awiri a soda water. Popeza simukhutchumula ndi ayisi, onjezani kapu imodzi ndi theka ya madzi ozizira. Sakanizani zonse m'mawa kupatula soda water, ikani m'furiji. Kambuzi mmodzi wong'amba pakati mumuviike mphindi 10 zokha, mulawe, mumuvuule. Mukamuiwala momwemo mudzaliza anthu. Ayisi aikeni m'magalasi, osati m'jagi, ndipo soda water athiridwe mlendo atatambasula kale dzanja.

Kumbukirani a matenda a shuga. Masipuni awiri a manyuchi ali ndi shuga wofika pafupifupi timasipuni tinayi ta tiyi. Kwa iwo pangani galasi lapadera: tiyi wozizira, ndimu, jinja wowiritsa popanda shuga, nkhaka yodula mopyapyala, ndi soda water. Ana ang'ono apatseni cha chinanazi, chopanda tiyi ndi tsabola.

Galasi nalo lisankheni. Likhale lomwelo limene mukanapatsa munthu wa vinyo kapena wa zaukali, lotsuka mpaka kuwala, loikidwa m'furiji mphindi zochepa. Lipite pa tireyi limodzi ndi la anzake, nthawi imodzi, osati pambuyo pake ngati mwangokumbukira.

Amalume atabwera pa Khirisimasi ndinawagwadira ndi cha bwemba chija. Ananunkhiza kaye, n'kundiyang'ana mokayikira.

"Mulibedi kanthu umu?"

"Mulibe, amalume. Bwemba, jinja, ndimu ndi kambuzi basi."

Anapsontha, anakhala chete, anapsonthanso. Galasi limodzi linawatengera nkhani yonse ya malire a munda wa ku Jali, ndipo nkhani imeneyo si yaifupi. Atamaliza anagwedeza ayisi wotsalayo n'kundipatsira galasi.

"Lachiwirili, kambuzi uwonjezere."